Diso Limene Linaona Apongozi

Kalekale, koma osati kale la makolo athu lija ayi, kale la dzanadzanali mafoni atalowa kale m'thumba mwa aliyense, panyanja yathuyi panali boti loyera mbee la munthu wina wolemera, a Kaludzu. Silinali boti lophera usipa. Linali lija amakwera mabwana pongofuna kupitidwa mphepo, lokhala ndi zipinda zogona, khitchini ndi mipando ya wofuwofu, limene eni ake amati yoti. Paboti limenelo panatayika mayi wina masana dzuwa likuswa mtengo, abale ake ali momwemo. Apolisi anapempha dzina la munthu mmodzi woti ayankhe mlandu wa imfayo, ndipo dzinalo linakanika kupezeka. Ine landikanikanso. N'chifukwa chake nkhaniyi ndabwera nayo kwa inu. Tcherani khutu, pakuti pomaliza ndikufunsani, ndipo amene akusinza ndi amene ndiyambire.

Mayiyo anali Nachisale, wamasiye, wophika m'botimo. Anakulira m'mbali mwa nyanja, ndipo akaphika kampango alendo ankanyambita zala n'kuiwala ubwana wawo. Ana anali nawo awiri. Wamkulu, Fanuwelo, anaphunzira zamagetsi ndipo ankakhala ku Lilongwe, kumangirira makamera m'masitolo ndi m'mipanda ya anthu oopa akuba. Wamng'ono, Edesi, ankagwira ntchito m'boti momwemo, kuyala mabedi ndi kuperekera alendo zakudya. Mwamuna wa Edesi, Layisoni, ndiye anali kaputeni, woyendetsa botilo. Awiriwa anali ndi kamwana kamodzi, Sungeni, kamene kankatsala kumtunda ndi achibale iwo akakhala paulendo.

Mwamva bwino pamenepo? Mkamwini ndi apongozi ake m'boti limodzi.

Inu amene munakwatira kwathu kuno mukudziwa tanthauzo lake. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Nanga m'boti tchire ulipeza kuti? Koma awiriwa anali atapeza njira yawo. Layisoni akamatsika masitepe ankayamba watsokomola, Nachisale n'kutembenukira kukhoma. Chakudya cha mkamwini ankachisiya pakhomo la chipinda choyendetsera, kugogoda, n'kuchoka. Akafuna kulankhulana, mawu ankadzera mwa Edesi, ngakhale onse atatu ali pamalo poti mkono ukhoza kufika. Zaka zinadutsa osayang'anana, koma musaganize kuti ankadana. Mutu waukulu wa nsomba unkagwera m'mbale ya Layisoni nthawi zonse, ndipo Nachisale atadwala chibayo, amene anagulitsa njinga yake kuti awathamangitsire kuchipatala anali Layisoni yemweyo.

Kumbuyo kwa botilo kunali kakhonde kotsika, kongotsala pang'ono kugunda madzi, pamene alendo ankatsikira akafuna kusambira. Kwa Nachisale pamenepo ndiye panali padooko. Bafa linalimo ndithu m'botimo, koma iwo ankalinyoza.

“Ine ndizisamba m'kabati, nyanja yonseyi ili apa?” ankatero.

Choncho alendo akadya n'kukagona tulo ta masana, iwo ankatsikira pakakhondepo ndi mapoto awo. Akatsuka, ankakweza nsalu n'kudzithira madzi monga amachitira amayi kudooko. Boti liime, boti liyende, kwa iwo zinali chimodzimodzi.

Makamera analimo kale m'botimo, koma okalamba, a ng'ala m'maso. Zimene ankaona zinkaonekera pa sikirini pafupi ndi chiwongolero, pamaso pa kaputeni, kamera iliyonse ndi chigawo chake. Ya kumbuyo ndiye inali yoipitsitsa. Munthu ndi thumba la makala zinkaoneka chimodzimodzi. Koma ndikuuzeni, ng'ala imeneyo ndi imene inkasunga moyo wa Nachisale. Layisoni ankayang'ana chigawocho mopanda manyazi, poti sankaona apongozi, ankangoona chinthu chakuda chikugwedezeka pakakhonde. Chikakhalapo, mtima wake unkakhala m'malo. Mafunde akakula ankachepetsa liwiro, osauza munthu chifukwa chake.

Tsiku lina boti lili padooko, akuba anamasula injini ya kaboti kakang'ono kopulumukira n'kupita nayo. A Kaludzu anathamangira ku sikirini kuti aone nkhope za akubawo, koma anangopeza mizukwa iwiri yopanda mphuno. Anapsa mtima mpaka khosi kutupa.

“Zichoke zonsezi!” anakalipa. “Ndikufuna maso oona ndi nsabwe yomwe m'mutu mwa munthu.”

Edesi anagwada n'kunena kuti achimwene ake ntchito yawo ndi yomweyo. A Kaludzu anavomera, ndipo Fanuwelo anafika ndi makatoni ake. Tsiku limenelo Nachisale anavina m'khitchini, chipande chili m'manja, poti mwana wawo wamwamuna adyanso za mumphika wawo.

Fanuwelo ntchito ankaidziwa. Anazula mawaya akale odyedwa ndi dzimbiri, n'kupititsa atsopano m'makoma osaoneka ngakhale kansonga. Anamangirira makamera kutsogolo, m'mbali, m'makonde ndi kumbuyo. Anaikanso chinthu chimene kale kunalibe, belu lochenjeza. M'mphepete mwa kakhonde kaja anaikamo tizipangizo tiwiri toyang'anizana. Chinthu chaching'ono chikadutsa pakati pake kulowa m'madzi, belu linkalira pang'ono n'kusiya. Chikadutsa chachikulu ngati thupi la munthu, linkalira boti lonse osaleka mpaka wina akalitseke. A Kaludzu ataona zimenezi anati tsopano m'boti lawo simungatayike ngakhale supuni.

Tsopano mverani zimene anachita atatuwa, aliyense payekha.

Woyamba anali Fanuwelo. Tsiku lomaliza, masana, anakhala yekha m'chipinda choyendetsera kuyesa makamera ake. Atafika pa ya kumbuyo, anaona mayi ake akusamba. Sanaone chinthu chakuda ayi. Anaona mphini za pantchafu, anaona mikanda ya m'chiuno, mtundu uliwonse pawokha. Anaphimba maso ndi chikhatho. Kenako anakumbukira kuti sikirini imeneyi imakhala pamaso pa alamu ake tsiku lonse, ndiponso kuti bwana akhoza kuonera zomwezo pafoni yake ali ku Blantyre. Anakwera pamwamba, anamasula kanati kamodzi, n'kuipenyetsa kamerayo m'mwamba pang'ono. Tsopano munthu akaimirira pakakhonde ankangooneka mutu wokha, ndipo akawerama sankaoneka konse. Pachithunzi pankangotsala thovu la kumbuyo kwa boti ndi nyanja mpaka kutali.

“Mutu ukuoneka, belu lilipo,” anadziuza yekha. “N'zokwanira.”

Sanauze munthu. Mwana wamwamuna angayambire pati kunena kuti waona mikanda ya amayi ake? Analongedza zida zake n'kubwerera ku Lilongwe.

Wachiwiri anali Layisoni. Paulendo woyamba, maso ake anapita pachigawo chija monga mwa chizolowezi. Nthawi yomweyo Nachisale anali ataimirira, akuyang'ana m'mwamba kudabwa ndi chinthu chatsopano chimene mwana wawo anamangirira. Maso awo anagwera m'maso mwa mkamwini. Layisoni anaona makwinya, anaona mpata wa mano umene sankadziwa n'komwe kuti apongozi ake ali nawo. Chiwongolero chinatsala pang'ono kumupulumuka. Iye anamva ngati wawalowera kubafa. Anang'amba kakatoni ka masamba a tiyi, n'kukamata ndi tepi pamwamba pa chigawocho kuti kazilendewera ngati kachitseko. Nthawi ndi nthawi ankakakweza pang'ono, kuponya diso m'munsi mwa chithunzi pamene pankaonekera duku, n'kukagwetsa msangamsanga. Nthawi zina duku linkaoneka, nthawi zina ayi, ndipo anazolowera kuti likapanda kuoneka ndiye kuti awerama.

“Belu lilipo,” anadziuza yekha, “ndipo alamu zinthu zawo amaika bwino.”

Mkazi wake sanamuuze. Kumuuza kukanakhala kuvomera kuti wawayang'ana amayi ake kumaso.

Wachitatu anali Edesi, ndipo iyeyu musafulumire kumuweruza. Belu lija linasanduka chitonzo. Nachisale akangomiza poto m'madzi, ngiri! Akamiza mkono, ngiri! Alendo ankadzuka m'tulo. Tsiku lina mlendo wina wa mimba yake, botolo lili m'manja, anafuula kuti, “Agogo aja ayambapo kusamba!” Anzake anaseka, ena mpaka kusuzumira. Kuyambira tsiku limenelo Nachisale analeka kupita pakakhonde. Ankangokhala m'khitchini motentha muja, thukuta kamukamu, osaimba, osaseka, chakudya n'kuyamba kusowa mchere. Edesi atawafunsa, misozi inalengeza m'maso mwawo.

“Mwana wanga, ine ndasanduka ng'ombe yomangidwa belu m'khosi? Ndakalamba chonchi kuti anthu aziitanidwa kudzaona msana wanga?”

Edesi anali ataona pamene achimwene ake anaika kabatani ka belulo, kuseri kwa chitseko cha khitchini. Anapita n'kukazimitsa.

“Pitani mukasambe, amayi. Silidzaliranso.”

Mumtima ankati, “Bambo a Sungeni maso awo sachoka pa sikirini, ndipo makamera a achimwene amaona ndi nsabwe yomwe.” Mwamuna wake sanamuuze. Nkhani ya kusamba kwa amayi sukamba ndi mwamuna wako. Layisoni anazindikira ndithu kuti belu lasiya kuvuta, koma anangoti mwina alamu ake alikonza patelefoni kuti lizilira pa zazikulu zokha. Anakondwa, ndipo sanafunse, poti kufunsako kukanamufikitsa pankhani yomwe ija.

Mwaona mmene zinakhalira? Aliyense anatsegula khomo lake podalira kuti la mnzake n'lotseka. Panalibe woipa mtima pakati pawo, panalibe waulesi, panalibe woledzera. Onse atatu anachita zimene ife timayamikira mwa mwana woleredwa bwino. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe, koma sanatiuze kuti manyaziwo nthawi zina amapha amene ukumuchitira ulemuyo.

Kwa kanthawi zonse zinayenda bwino. Nachisale anayambiranso kuimba, mchere unabwerera m'ndiwo. Chakudza sichiimba ng'oma.

Inali nyengo ya mwera, mphepo ija imadzutsa nyanja ngati munthu wogwidwa ndi mizimu. Anali paulendo wopita ku Likoma ndi alendo odzaza boti, ali pakatikati pamene mapiri a mbali zonse amangooneka ngati utsi. Alendo atadya anakagona. Nachisale anasonkhanitsa mapoto.

“Ndikatsuke izi, mwanawe. Ukamaliza kuyala, uike madzi a tiyi.”

Edesi anatsikira kuzipinda za pansi. Layisoni anakweza kakatoni kaja, anaona duku lofiira, n'kukagwetsa. Patapita nthawi pang'ono funde lalikulu linamenya boti cham'mbali, mabotolo n'kugubuduzika. Layisoni ataliwongola boti anakwezanso kakatoni. Duku panalibe. “Awerama,” anatero mumtima, n'kukagwetsa msanga, poopa kuti angaweramuke maso n'kukumananso. Belu linali chete. Boti linapitiriza ulendo.

Madzi a tiyi anawira mpaka kutsala pang'ono kuphwa. Edesi anaitana m'khitchini, zii. Anagogoda kubafa, zii. Atafika pakakhonde anapeza poto mmodzi, sopo, ndi patapata imodzi.

Kukuwa kwake kunadzutsa boti lonse. Layisoni anatembenuza boti mwamphamvu mpaka mbale zonse m'khitchini zinasweka. Anabwerera m'njira imene anadzera, ngati nyanja ili ndi njira. Anazungulira, anaitana mpaka mawu kusasa, alendo atandanda m'mbali maso ali pamadzi. Funde lililonse linkaoneka ngati mutu wa munthu. Masiku otsatira asodzi anathandiza ndi maboti awo. Fanuwelo anafika kuchokera ku Lilongwe maso ali psuu, n'kukwera nawo. Sanapeze kanthu, ngakhale duku. Nyanja ya pakati sibweza chimene yatenga.

Boti litabwerera padooko, kunabwera wapolisi, mayi wachikulire wofatsa. Analowa m'chipinda choyendetsera pamodzi ndi a Kaludzu ndi atatu aja kuti aone zimene kamera inasunga. Choyamba chimene anaona ndi kakatoni.

“Ichi n'chiyani?”

Layisoni anaweramitsa mutu n'kufotokoza. Edesi anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

“Nanga belu bwanji silinalire?” anafunsa Fanuwelo.

Edesi anakhala pansi n'kufotokoza.

“Nanga kakhonde bwanji sikakuoneka pachithunzipa?” anafunsa wapolisi.

Fanuwelo naye anafotokoza. Aka kanali koyamba kuti atatuwa akambirane nkhani imeneyi, ndipo anaikamba pamaso pa wapolisi ndi bwana, mikanda ndi mphini zomwe, madzi atatayika kale.

Kenako Fanuwelo anabweza chithunzi kufika pa tsiku lija. Duku lofiira linaoneka m'munsi. Linatsika. Chithunzi chinapendekeka ndi funde lija, n'kuwongoka. Panalibe kanthu, thovu lokhalokha. Wapolisi anali pafupi kunena kuti azimitse.

Apa ndiye pamene pamandiwawa ine, ndipo ndikafikapo ndimalakalaka nkhaniyi ikanakhala yabodza. Nachisale ankatha kusambira. Anali mwana wa kunyanja.

M'thovu muja munavuuka mutu. Duku linali litachoka, imvi zili poyera. Kamera ija, poti inapenyetsedwa m'mwamba, inkaona kutali bwino lomwe, ndipo inawaona. Inawaona akulavula madzi, akudzikonza, akusambira mwamphamvu kutsatira boti. Ataona kuti likuwasiya, anasiya kulithamangitsa. Sanayang'ane kumwamba, sanayang'ane kumapiri. Anayang'ana m'diso la kamera, n'kukweza mkono. Ankadziwa amene amakhala kuseri kwa diso limenelo. Za kakatoni sankazidziwa.

Kamerayo sinkagwira mawu, koma milomo inkaoneka bwinobwino. Edesi, amene anakula akuyang'ana milomo imeneyo, ananong'ona osatembenuka.

“Akuitana inu. Akuti, bambo a Sungeni.”

Layisoni sanayang'ane kumbali. Sanatsokomole, sanaweramitse mutu. Anawayang'ana apongozi ake kumaso mwadala, nthawi yaitali, kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo. Ndipo anazindikira kuti pamene ankakweza kakatoni kaja kachiwiri, iwo anali pomwepo, m'mwamba mwa chithunzi, mkono uli m'mwamba. Iye anangoyang'ana m'munsi, pofuna duku.

Mutu uja unanka nuchepa. Fanuwelo anakoka chithunzi kuti chiyandikire, poti makamera atsopanowa amatha kutero. Nkhope inabweranso pafupi, mkono ukadali m'mwamba. Inachepanso, iye anakokanso. Anakoka mpaka makina anakana. A Kaludzu anatuluka n'kukasanza m'madzi. Anali atapeza zimene anaitanitsa, maso oona ndi nsabwe yomwe.

Kumudzi anaika thunthu la nthochi lokulungidwa m'nsalu ya malemuwo, poti manda sangakumbidwe n'kukwiriridwa opanda kanthu. Anthu analira, koma kulira kwake kunali kosakhutitsa, ngati kudya m'maloto. A Kaludzu anatumiza thumba la ufa ndi uthenga woti ntchito yatha. Boti analimangirira padooko, ndipo panalibenso mlendo wofuna kulikwera. Akuti makamera aja anapitiriza kuyang'ana makonde opanda munthu, osaphonya ngakhale ntchentche.

Maliro atatha, wapolisi uja anafika pakhomo. Anakhala pamkeka, anapepesa, kenako ananena chimene anadzera.

“Zipangizo zoteteza moyo zinaseweretsedwa, ndipo munthu wafa. Mlandu suola, uyenera kupita kukhoti. Ine ndine mayi, sindikufuna kutenga banja lonse n'kusiya ana pamtetete. Khalani pansi, mundipatse dzina limodzi. Mukalephera, ndidzabwera ndi galimoto yokwana atatu.”

Atachoka, mlongo wa malemuwo, a Chisale, amene ana aja ankawatcha malume, anawaitana pansi pa mtengo wa mango. Ankayembekeza kuti ayamba kulozana zala, monga timachitira ambirife mlandu ukafika pakhomo. Sizinatero.

Fanuwelo ndiye anayamba. “Malume, mlanduwu ndi wanga. Wodziwa ntchito ndinali ine. Awiriwa anakhulupirira manja anga. Ndikanapanda kuipendeketsa kamera ija, alamu pokweza kakatoni akanaona kakhonde kopanda munthu, poto ali yekha, ndipo akanatembenuza boti nthawi yomweyo. Ine ndi amene ndinawaphunzitsa kuti chithunzi chopanda munthu si choopsa. Perekani dzina langa.”

A Chisale anamuyang'ana, n'kuyang'ana mkazi wa Fanuweloyo amene anakhala chapatali, ali ndi pakati potopa.

Layisoni anayankha maso ali pansi. “Ayi, alamu. Kamera yanu inagwira ntchito. Mwaona nokha, inawaona mpaka pomaliza. Amene sanaone ndine. Kaputeni amayankha za mzimu uliwonse uli m'boti. Ndipo amayi sanaitane inu, sanaitane Edesi. Anaitana ine. Anakweza mkono kwa ine, ine ndili kuseri kwa katoni ya tiyi. Ngakhale mundisiye panja, ndende ndili nayo kale m'mutumu. Kuli bwino ndikakhale m'ndende yooneka.”

A Chisale anamuyang'ana nayenso. Ankadziwa kuti pa onse a pabanjapo, uyu yekha ndiye akanatha kupezanso ntchito msanga n'kudyetsa ana a mbali zonse.

Edesi anayankhula pomaliza, Sungeni atamukoleka m'khosi. Mawu ake anali ouma, misozi itamuthera.

“Inu nonse mukunena za maso. Maso amaphethira, maso amayang'ana kumbali, n'chifukwa chake achimwene anaika belu. Belu silichita manyazi, lilibe apongozi. Likanalira, boti lonse likanadzuka amayi akadali pafupi poti n'kuwaponyera chingwe. Ndinalizimitsa ndi chala ichi. Ndipo ndine ndinawauza kuti pitani mukasambe. Anali atasiya, malume. Anali atakhala m'khitchini, amoyo. Ine ndinawabweza pakakhonde paja.”

Sungeni, osamva kanthu za zimenezi, ankaseweretsa ndolo ya mayi ake.

“Iwe khala chete,” anatero Fanuwelo. “Unachita zimene amayi anakupempha.”

“Sanandipemphe. Anangolira.”

“Mayi a Sungeni, mwanayu atsala ndi yani?” anafunsa Layisoni.

“Nanga inu mukapita, adya chiyani?”

Anakangana mpaka mthunzi wa mango unasuntha n'kuwasiya padzuwa, aliyense akukokera mlandu kwa iye mwini ngati ndi cholowa. A Chisale anagwira mutu ndi manja awiri.

“Khoswe wakhala pamkhate,” anatero. “Ndikaponya mwala, ndiswa mkhate wa mlongo wanga.”

Anaimirira n'kulowa m'nyumba, dzina osalitchula. Ndipo galimoto ija inali ikubwera.

Tsono nkhani yafika kwa inu. Ndikudziwa njira zimene mukufuna kuthawira, ndipo ndizitseka ndisanakhale pansi. Musandiuze kuti wolakwa ndi mwera, poti mwera saumanga unyolo. Musandiuze kuti ndi mwambo, poti mwambo sulowa m'chitokosi, ndipo inu nomwe mwana wanu akanachita zosiyana ndi atatuwa mukanati ndi wopanda khalidwe. A Kaludzu asiyeni, iwo anagula zinthu zabwino n'kuzipereka m'manja mwa anthu. Ndipo amene anene kuti Nachisale anadzipha okha posamba pakakhonde, ayambe wapita kukanena zimenezo pamanda a nthochi paja, ine ndikumvera ndili kuno.

Akapanda kutchula dzina, apita onse atatu, ndipo Sungeni ndi mwana wosabadwa uja atsala m'manja mwa nkhalamba. Choncho dzina liyenera kutchulidwa. Pali mwana wamwamuna amene anakweza diso kuti lisaone thupi la mayi ake. Pali mkamwini amene anaphimba diso kuti lisakumane ndi la apongozi ake. Pali mwana wamkazi amene anatseka belu kuti mayi ake asasekedwe.

Inu mukanakhala a Chisale, galimoto itaima pabwalo, wapolisi atatsegula chitseko, mukanatchula dzina la yani?